Kukaona Khomo la Asebele ku Langtang

Ndinanyamuka pa Kalingalinga, komboni yathu mu Lusaka, m'mawa, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuwotcha malata. Takisi inaima pamene anyamata owotcherera zitsulo amayala mageti awo m'mbali mwa msewu, ndipo anthu odzandiperekeza anabwera ndi nkhope za pamaliro. Alongo anga aakulu, a Yotamu, anachokera ku Matero dala kuti adzandiuze komaliza kuti ndilibe nzeru.

"Iwe amake Thoko, uli na BP, mabondo yanasila kudala, manje ufuna kukwela phili ya ayisi? Uzabwela mu bokosi."

"Bokosi muzaipeza yolema, ba Yotamu, chifukwa nizabwela nakhuta," ndinawayankha ndikulowetsa chikwama.

Nkhani yake inali iyi. Thoko, mwana wanga wamkazi mmodzi yekhayo, ndi namwino ku Doha. Kumeneko anakwatiwa ndi Dawa, wophika pa hotela, Mbuda wa ku mapiri a Nepal. A Yotamu, monga malume, ndiwo anayenera kukhala ankhoswe, koma anakana. Anati munthu wopembedza mafano, wopanda mudzi wodziwika, si mkamwini, ndipo Thoko wangotengedwa ngati nkhuku ya pamsika. Anati ukwatiwo udzawerengedwa tsiku limene wina wa m'banja adzaone khomo la kwawo kwa mwamunayo ndi maso ake. Ananena zimenezi akudziwa kuti khomolo lili pamwamba pa mitambo, kumene galimoto sifika, ndipo amayi ake a Dawa ndi okalamba moti satsika. Iwo ankaona ngati atseka nkhani. Ine ndinati ndipita.

"Mukazi sankhala nkhoswe ya mwana wake," anatero.

"Siniyenda kukamba milandu. Niyenda kuona chitseko, na menso nili nayo."

Miyendo imene ankainyozayo ndi imene inalera Thoko. Zaka zoposa makumi awiri ndinkayenda wapansi kuchoka pa Kalingalinga kupita ku Kabulonga kukakolopa nyumba za anthu, mvula kapena dzuwa, kuti ndalama ya basi igule makope. M'chikwama ndinaikamo zitenje ziwiri za asebele anga, amayi ake a Dawa, ndi nshawa, zimene ena amati mtedza, zokazinga ndi mchere zomanga pansalu.

Thoko ndi mwamuna wake anandichingamira pa bwalo la ndege ku Doha. Dawa anabwera akuthamanga, manja atatambasula kuti andikumbatire. Ine ndinapatukira pambali, n'kunjuta pansi pakati pa anthu onsewo, maso pansi, ndikuwomba m'manja. Kwathu ku Katete mpongozi ndi mkamwini amaopana. Sagwirana chanza, sadyera pamodzi, sayang'anana m'maso, ndipo akakumana panjira mmodzi amalowera kutchire. Umenewo ndiwo ulemu waukulu kuposa wonse umene ndikuudziwa, ndipo ndinali nditatsimikiza kuupereka wathunthu. A Yotamu ankati mnyamatayo si mkamwini, choncho ine ndinafuna kumuopa mpaka dziko lonse lione kuti ndi mkamwini.

"Mami, ivo ni va kumunzi, kuno sibaviziba," Thoko anandinong'oneza.

"Uzamuuza iwe. Ni mwamuna wako, nifunika kumuyopa."

Anamuuzadi, koma mwachidule, mawu awiri atatu a Chizungu, kuti ndi mwambo chabe. Dawa anamwetulira, n'kutsitsa manja ake pang'onopang'ono.

Tonse atatu tinakwera ndege ina mpaka ku Kathmandu, likulu la Nepal. Kathmandu ndi fumbi la ku komboni ya Kanyama lothira njinga zamoto. Mawaya amagetsi alendewera m'mitolo pamwamba pa misewu, ng'ombe zikugona pakati pa msewu popanda woziimbira hutala. Sitinakhalitse. M'mamawa tinakwera basi yopita ku Syabrubesi, kumene msewu umasiyana ndi njira ya miyendo, ndipo aliyense analipira ndalama zakumeneko, malupi, pafupifupi chikwi chimodzi. Dawa anandisungira mpando wabwino kutsogolo, pambali pake. Ine ndinadutsa osayang'ana, n'kukakhala kumbuyo pa matumba a anyezi.

Msewu umenewo ndi wa anthu olapa machimo. Kudzanja limodzi phiri, kudzanja linalo phompho loti mtsinje pansi umaoneka ngati ulusi. Pokumana ndi lole, kondakitala ankatsika n'kumamenya basi ndi chikhatho pouza dalaivala kuchuluka kwa dothi lotsala kuseri kwa tayala. Ndinalonjeza Mulungu kuti sindidzatukwananso madalaivala a ku Lusaka, ngakhale lonjezolo ndinaliphwanya nditangobwerako. Masana tinaima ku Trishuli n'kudya mpunga ndi msuzi wa mphodza. Chakudyachi amadya m'mawa ndi madzulo, tsiku ndi tsiku, ndipo mbale ikatha amakuwonjezera osalipiritsa. Ndinawakonda pomwepo anthu amenewa.

Ku Dhunche asilikali anatitsitsa kuti aone zikwama, chifukwa apo ndi polowera m'paki ya Langtang, dera lotetezedwa la nkhalango ndi mapiri. Mlendo amalipira malupi zikwi zitatu kuti aloledwe kukavutika. Msilikali wina anatembenuza pasipoti yanga uku ndi uku.

"Zimbabwe?" anafunsa.

"Zambia," ndinatero. "Amenewo ndi aneba."

Anaseka n'kundibwezera, koma atandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi anapukusa mutu mofanana ndendende ndi a Yotamu. Tinafika ku Syabrubesi dzuwa litabisala kale kuseri kwa phiri.

Kutacha tinayamba kuyenda. Njira imatsata mtsinje woyera mbee, wosokosera moti mnzako amalankhula iwe n'kumangoona milomo. Munkhalango munali anyani a nkhope zakuda ndi ndevu zoyera, atakhala m'mitengo mwaulemu ngati akulu a mpingo. Abulu a mabelu m'khosi ankadutsa atasenza zitini za gasi, ndipo amtengatenga ankakwera ndi madengu akuluakulu kumsana, lamba atamukoleka pamphumi. Ine ndinapinda nkhata n'kusenza mtolo wanga pamutu. Anaima kundiyang'ana, mayi wina anayesa, mtolo n'kugwa, tonse tinaseka mpaka kutsokomola.

Kenaka tinafika pa mlatho wolendewera pa mawaya, wautali, wogwedera ndi mphepo, madzi akubangula pansi. Dawa anabwerera pakati pake n'kunditambasulira dzanja. Ndinamulozera kutsidya kuti apite. Anaumirira, ine ndinatembenuza nkhope, mpaka anachoka. Ndinawoloka ndekha, manja onse pawaya, ndikuimba nyimbo ya chigwirizano ndi mawu onjenjemera. Nditafika tsidya ndinadzimva ngati ndapambana nkhondo.

M'nyumba za alendo za m'njiramo muli chipinda chimodzi chofunda, chodyeramo, chokhala ndi mbaula yachitsulo pakati. Aliyense amaunjikana pamenepo. Poti Dawa anali momwemo, ine ndinkadyera pakhonde, mano akugundana, nditafunda zitenje zonse kuphatikizapo za asebele. Iye ankabwera ndi tiyi atamugwira ndi manja awiri. Ine ndinkaloza pansi kuti aike kaye, iye akachoka ndiye n'kutola kapuyo. Ndinaona mayi mwini nyumba akusintha nkhope, koma ndinaganiza kuti akudabwa kuona mkazi wolemekeza mwambo chotere. Ndinanyada, ndisaname.

Tsiku lotsatira mitengo inayamba kufupika, ndipo titafika pa Ghodatabela chigwa chinatseguka. Kutsogolo kunaima phiri loyera, lalikulu moti ndinayamba ndaliyesa mtambo. Ndinakhala pansi, osati chifukwa cha kukongola kokha. Mpweya kumeneko ndi wochepa. Umapuma ndi pakamwa ponse koma chifuwa sichikhuta, mutu ukugunda ngati muli kalipentala. Anandipatsa msuzi wa adyo, akuti umathandiza. Ndinamwa n'kudzuka, poti walira mvula walira matope.

Midzi ya kumtunda ndi ya miyala. Paliponse pali tinsalu ta mitundumitundu tolembedwa mapemphero, toyanika pazingwe kuti mphepo itiwerenge. Pakati pa njira amamangapo makoma aatali a miyala yosemedwa malemba awo opatulika, ndipo njira imagawika pawiri. Ine ndinalowera mbali yaifupi. Nkhalamba ina yomwe inkazunguza kachitini ka mapemphero pakamtengo inandigwira chitenje n'kundikoka, ikuseka ndi nkhama zokhazokha. Khomalo liyenera kukhala kudzanja lako lamanja, nthawi zonse. Ndinakumbukira abusa athu amene anandichenjeza za mafano, koma ndinabwerera n'kudutsa mbali yoyenera. Kwa eni ndi kwa eni, ndipo Mulungu wanga sanachepe chifukwa ndadutsa kumanzere kwa mwala.

Masana a tsiku lachitatu njira inatifikitsa pamalo opanda udzu, opanda mbalame, miyala yotuwa yokhayokha kuchoka kuphiri mpaka kumtsinje. Thoko anandiuza kuti pansi pamenepo pali mudzi wakale wa Langtang. Pa chivomezi chachikulu chimene chinagwedeza dziko lawo zaka zapitazo, phiri linagumuka n'kuukwirira wonse, ndipo bambo ake a Dawa ali pansi pomwepo, sanapezeke. Dawa anavula chipewa, n'kuima yekha pakati pa miyalayo, milomo ikugwedera. Mtima wanga unasweka. Koma mpongozi sathamangira mkamwini. Ndinanjuta patali, ndinafunda chitenje kumutu n'kulira mwakachetechete. Atatembenuka kundiyang'ana, ndinagwetsa maso pansi monga mwa masiku onse.

Mudzi watsopano uli chapamtunda pang'ono, ndipo tinafikira kwa azakhali ake a Dawa, amene ali ndi nyumba ya alendo. Mayiyo sanandipatse moni. Anatuluka ndi tiyi m'kapu yobenthuka, anaika pansi pafupi ndi chitseko pamene pankagona galu, n'kulowa. Posakhalitsa Thoko anatuluka maso ali psuu.

"Mami, mwaononga vonse. Mailo kukacha tibwelela pansi."

"Tibwelela chani? Pasala pang'ono chabe!"

"Ba Dawa bakana. Bakamba ati sibangapeleke kuli bamai babo munthu wamene azabaikila kapu pansi."

Anandifotokozera akulira. M'dziko limenelo muli anthu odziyesa obadwa apamwamba, amene sadyera pamodzi ndi a mitundu ina, ena mpaka salandira chakumwa m'manja mwawo, poti akuti angadetsedwe. Anthu a mtundu wa Dawa anachiona chipongwe chimenecho kuyambira kwa makolo awo. Tsono apa panabwera mpongozi wochokera kutali, wokana dzanja la mnyamata wawo, wokonda kuzizidwa pakhonde kusiyana ndi kukhala naye chipinda chimodzi, woloza pansi akamupatsa tiyi, wosayandikira ngakhale pamanda a bambo ake. Amtengatenga amayenda msanga kuposa ife. Nkhani inali itafika kale kwa asebele.

"Nanga sunamuuze kuti ni ulemu?" ndinakalipa.

"Ninamuuza! Manje ulemu wa bwanji wamene uoneka monga kunyansidwa? Ngakhale ine nenze nayamba kudauta, mami."

Ndinapsa mtima koopsa. Ndinakwiyira Thoko, mwana wa m'tauni wofotokoza mwambo wa makolo ndi mawu atatu. Ndinakwiyira Dawa posandifunsa, ngakhale ndikudziwa kuti akanafunsa ndikanathawa. Koposa zonse ndinamva mawu a Yotamu m'khutu, akuuza anthu ku Matero kuti ananena, mkazi nkhani zotere sangazithe, anabwerera pakhomo penipeni. Sindinalakwe, ndipo mpaka lero ndikuti sindinalakwe. Koma ulemu umene mwini wake akuumva ngati mbama ndi wa ntchito yanji? Ndinawoloka nyanja kudzamanga ukwati wa mwana wanga, osati kudzateteza mbiri yanga ya kusunga mwambo.

Ndinatenga nshawa zanga n'kukankha chitseko cha chipinda chodyera. Munali amtengatenga, azungu angapo ovula nsapato, azakhali aja, ndi Dawa atakhala pafupi ndi mbaula, mutu uli m'manja. Ndinatenga mbale pathebulo popanda kupempha, ndinakhuthuliramo nshawa, n'kugwada patsogolo pake. Mabondo analira moti aliyense anamva. Ndinalankhula Chizungu changa cha m'makhitchini a ku Kabulonga, ndipo wotsogolera alendo wina ankamasulira kwa azakhaliwo.

"Bambo," ndinatero, "kwathu amene sitimuopa ndi munthu wamba. Kondakitala wa basi ndimamugwira chanza. Wogulitsa makala ndimadya naye. Inu ndakuopani chifukwa ndinu mwamuna wa mwana wanga. Alongo anga akuti sindinu kanthu, ndipo ine ndazizidwa pakhonde masiku onsewa kuti ndiwatsutse. Pa miyala paja ndinalira, koma munsalu."

Mzungu wina supuni inamugwa.

"Kuopanaku kuli ndi tsiku lake lotha. Limafika patapita zaka, ana atabadwa, amalume atalola, ndiye mpongozi amaitana mkamwini n'kudya naye. Amalume ali ku Matero, anakana kubwera. Amene wakwera phiri ndine, ndiye ndikulola ndine. Idyani nane."

Ndinapisa dzanja m'mbale n'kulisiya momwemo. Amayi anga anamwalira asanagwirepo chanza cha malemu mwamuna wanga, ndipo ndinamva ngati akundiyang'ana. Dawa anatsika pampando, anakhala pansi pomwe ndinagwadapo, n'kupisa dzanja lake. Zala zathu zinagundana pakati pa nshawa, denga silinagwe.

"Ama," anatero, ndiko kuti amayi.

Apo ndi pamene ndinamuyang'ana kumaso koyamba. Mnyamatayo ali ndi mpata pamano akutsogolo, ngati wa bambo ake a Thoko, ndipo masiku onsewo sindinkadziwa.

Azakhali aja anatuluka. Ndinamva tiyi uja akukhuthulidwa panja. Anabwera ndi kapu yokongola yokhala ndi chivundikiro, anandipatsa ndi manja awiri, ine n'kulandira m'manja mwawo. Anali tiyi wawo waulemu, wa mchere ndi batala, wokoma ngati madzi otsukira poto. Ndinamwa yense ndikumwetulira, iwo n'kudzazanso, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti kumeneko ukamaliza ndiye kuti ukufuna wina.

M'mawa ndinapempha kuti tibwerere kaye ku miyala kuja. Ndinaima pambali pa mkamwini wanga n'kulira maliro a bambo ake mwa kwathu, mokweza, ndikuwaitana asebele amene sindinawaone, mpaka chigwa chinayankha. Akhwangwala anathawa, azungu anaima patali ndi ndodo zawo. Dawa analira ngati mwana, ndipo nditamaliza anati maliro otere bambo ake anali asanalandirepo.

Chigawo chomaliza, kudutsa mudzi wa Mundu kupita ku Kyanjin, kumene amakhala asebele, ndicho chinafuna kunditsiriza. Makoma a mapemphero kumeneko ndi aatali kwambiri, ndipo ndinawasunga onse kudzanja lamanja popanda wondikoka chitenje. Ng'ombe zawo zaubweya wofika pansi, zotchedwa yaki, zinkatiyang'ana mwamwano. Ndinkayenda pang'ono n'kuima, kuyenda pang'ono n'kuima, maso akuchita mdima. Dawa anagwada patsogolo panga n'kuloza msana wake kuti andibereke.

"Ayi," ndinatero ndikupuma movutika. "Dzanja ndalola. Msana ayi. Khomo limeneli ndifika ndi mapazi anga."

Ndinakolowetsa mkono wanga m'mkono wake, Thoko mbali inayo akundinena kuti ndine wamakani ngati bulu, ndipo tinakwera kachitunda komaliza dzuwa lili pamutu. Kyanjin inaonekera mwadzidzidzi: nyumba zothinana, kachisi wakale wa Abuda chapamtunda, mapiri oyera atazungulira mbali zonse. Nyumba ya asebele ili chakumapeto, yamiyala, ndowe za yaki zitamatidwa pakhoma kuti ziume zikhale nkhuni. Chitseko chake ndi chachifupi, chamatabwa, chopaka utoto wobiriwira wosuluka. Ndinachiyang'ana bwinobwino, poti ndicho ndinadzera.

Pachitsekopo panaima mayi wamng'ono thupi, wa epuloni yamizeremizere, atanyamula nsalu yoyera yopyapyala imene amaveka mlendo wolemekezeka. Uthenga wa nshawa unali utatitsogolera, amtengatenga sagona. Anandikoleka nsaluyo m'khosi, ine n'kugwada ndikuwomba m'manja. Anayesa kundidzutsa, analephera, basi nawonso anagwada. Tinagwirana manja, mphumi zathu zinagundana, aliyense akulankhula chilankhulo chake. Titafuna kudzuka zinakanika tonse awiri, mpaka Dawa anatikoka, wina dzanja ili wina dzanja ilo. Thoko anajambula pomwepo. Ndinawamanga asebele chitenje cha ku msika wa Kamwala pamwamba pa epuloni yawo, kenaka ndinagwira mphuthu ya chitseko ndi manja onse awiri, n'kuwerama, n'kulowa.

Nditabwerera pa Kalingalinga ndinapeza a Yotamu atakhala pampando wanga pansi pa mtengo wa mapeyala. Bokosi sanalitchule. Ndinawapatsa foni, anaona chitseko, anaona asebele, kenaka anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri pamene dzanja langa linali m'dzanja la Dawa.

"Unagwila mukamwini?"

"Ninadya naye mbale imozi."

"Nindani anakuvomeleza?"

"Wovomeleza enze kuti, ba Yotamu? Munakamba ati munthu akaone chitseko. Ni ichi. Thoko ni wokwatiliwa."

Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenaka anatsokomola n'kufunsa, maso ali pafoni, ngati mnyamatayo angavale jekete la saizi yawo, poti ali nalo lina labwino limene saligwiritsa ntchito.

Ulendowu unandiphunzitsa kuti ulemu uyenera kufika kwa mwini wake, apo ayi wangozizidwa pakhonde pachabe. Zikhadabo ziwiri za kumapazi zinathothoka, ndipo mabondo sanandikhululukirebe. Koma mwana akakwatiwa, kholo liyenera kudziwa khomo lake, kuti pakagwa maliro kapena pakabadwa mdzukulu lisaime pamphambano n'kumafunsa anthu odutsa. Tsiku limenelo likadzafika, a Yotamu adzavala nsapato zawo za kutchalitchi n'kuyenda kumbuyo kwanga, ndipo pa khoma loyamba la miyala ndine ndidzawakoke jekete.